Bimu Yomwe Inatsika ku Nkope

Che Sumani anali atagona m'chitolokosi masiku awiri chifukwa cha nambala imodzi, ndipo amene analemba nambalayo anali Nadia.

Nkhani yake inayenda motere. Anthu a ku Nkope ankamanga madrasa a atsikana, nyumba yosanja, ndipo pulani anajambula Nadia, mwana wa pamudzi pomwepo amene anali atangokwanitsa zaka ziwiri pa ntchito ya uinjiniya. Pakati pa holo yapansi panadutsa bimu ya konkire ya mamita asanu ndi awiri, yosenza zipinda zam'mwamba. Kompyuta ya Nadia inati bimuyo ikasenza katundu wake idzatsika pakati ndi mamilimita 9 basi. Koma amisiri atangomaliza khoma lam'mwamba, khomalo linang'aluka kuchokera pansi mpaka pa windo. Nadia anabwera, anakoka chingwe pansi pa bimu, nayeza. Inali itatsika mamilimita 32.

Mu lipoti lake analemba kuti kutsika kotere kungatanthauze kuti zitsulo za m'bimumo n'zochepa kusiyana ndi za pa pulani. Iye anati "kungatanthauze". Che Dinala, wapampando wa komiti yomanga, mwini maboti atatu a usipa, anawerenga kuti "zabedwa". Dzuwa lisanapendeke anali atafika kale ku polisi pa boma, atatenganso mboni yoti inaona mmisiri wamkulu, Che Sumani, akutulutsa zitsulo pamalopo.

Nadia zinamudya mumtima. Ali mu Sitandade 7 ankakonda kuima pomwe anthu akumanga, ndipo amisiri onse ankamuthamangitsa kuti mtsikana akatsuke mbale. Che Sumani okha ndiwo anamupatsa waya ndi pulayala, namuphunzitsa kumanga maringi a zitsulo za m'konkire. Uinjiniya wake wonse unayambira m'manja mwa munthu amene tsopano anali atamutsekeretsa.

Sajeni Ambrose, wapolisi wofufuza milandu, anali munthu wonenepa, wosapupuluma, wokonda mtedza wokazinga. Anamulandira Nadia Loweruka m'mawa akupukusa makoko m'manja.

"A injiniya, Lolemba nkhalamba yanuyi ipita kukhoti. Umboni wanga waukulu ndi pepala lanu. Ndiye mukuti mukufuna chiyani?"

"Ndiwaone kaye, a Sajeni."

Anawatulutsa Che Sumani, opanda nsapato, kofia ili m'manja. Nadia analephera kuwayang'ana kumaso.

"Asalaam aleikum, Che Sumani."

"Wa aleikum salaam, mwanangu. Usagwetse nkhope. Zitsulo zili momo, zinayi, zazikulu zija unalemba. Ndinamanga ndekha."

"Nanga bimuyo yatsikiranji chonchi?"

Nkhalambayo inaseka pang'ono. "Ukukumbuka tsiku lokhoma mashatala, matabwa othiramo konkire aja? Ndinati tikweze pakati zala ziwiri, pakuti bimu yotalika chonchi ikasenza imagwada. Iwe unati kompyuta yakana. Ine sindinalimbane nayo, sindinaionepo nkhope yake. Koma ndikufunse. Kompyuta yakoyo imaidziwa bimu yomwe yasenza kale katundu, kapena imangodziwa yatsopano, yosalala pamimba?"

"Yosalala pamimba?"

"Bimu iliyonse ikasenza imachita timing'alu pansi, tonga tsitsi. Zaka makumi anayi ndakhala ndikutiona. Kapena za m'kompyuta sizing'aluka?"

Nadia anatola chikwama chake, nathamangira panja.

* * *

Anatsegulira kompyuta yake pa benchi ya panja pa polisi pomwepo, Sajeni ataima kumbuyo.

Zimene Che Sumani ananena, Nadia anaziphunzira chaka chachitatu ku koleji, mayeso ake n'kukhoza bwino lomwe. Konkire ndi ngwazi pokanikizidwa, koma pokokedwa ndi wofooka. Bimu ikasenza katundu, pamwamba pamafinyika, pansi pamakokeka, ndipo pansipo pamabuka timing'alu. Si ngozi ayi, ndi pamene zitsulo zimalandira ntchito. Koma bimu ikang'aluka motero siumanso msana ngati kale, imapindika mosavuta. N'chifukwa chake mu pulogalamu yowerengera nyumba muli kabokosi kofunsa kuti kuuma kwa bimu kutengedwe kokwana bwanji. Kabokosiko kamabwera kale ndi 1, kutanthauza bimu yathunthu yosang'aluka, ndipo injiniya wosamala amatsitsa nambalayo kufika pa theka kapena kucheperapo.

M'kabokosi ka Nadia munali 1. Sanakakhudze n'komwe.

"Mayo ine," anatero.

"Mwapeza chiyani?"

"Ndapeza wakuba woyamba, a Sajeni. Ndi ineyo."

Anatenga pepala, nawerengera ndi dzanja malinga ndi kukula kwa bimu ndi zitsulo zinayi zija. Kuuma kwa bimu yong'aluka kunatuluka pafupifupi 0.4 ya kuuma kwa yathunthu. Analemba 0.4 m'kabokosi muja. Mamilimita 9 aja anasanduka 22.

Sajeni anaponya mtedza m'kamwa, natafuna mofatsa. "Ine masamu ndinasiyira pa Folomu 4, koma 22 si 32. Khumi enawo ali kuti?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye khumiwo ndi anga. Munthu sindingamutulutse pa mlandu wotsala. Kwerani galimoto."

* * *

Mboni ija, Swadick, anali wa kabaza. Anamupeza pa siteji ya ku Nkope akupopa tayala, ndipo ataona Sajeni anayamba kuyankha asanafunsidwe.

"Bwana, ine wallahi ndinanena zomwe ndinaona. Zitsulo ndinanyamula ine, pa njinga iyi. Che Sumani anati ndikasiye kwa owotcherera. Ndinakasiya. Ine sindinama, mufunse aliyense pa siteji pano."

"Zinali zingati?" anafunsa Sajeni.

"Mtolo, bwana. Wolemera! Sipoko ziwiri zinaduka."

Nadia analowererapo. "Achimwene, munazinyamula bwanji? Mozikoka pansi?"

"Kukoka? Ayi, anti. Pa kaliyala pompa, mopingasa."

"Tandionetsani kutalika kwake."

Swadick anatambasula manja pang'ono, ngati msodzi wosadziwa kunama akuonetsa chambo. Sanafike n'komwe mita imodzi.

"Zitsulo za bimu ija n'zotalika kuposa minibasi," anatero Nadia. "Izi n'zidutswa zotsala podula."

"Eetu, zidutswa! Owotcherera anapanga anangula a mabwato. Che Sumani amagawira asodzi akamaliza kudula, aliyense amadziwa. Ine ndinawauza Che Dinala kuti ndi tizidutswa, iwo akuti, 'Iwe ukanene kuti zitsulo, chitsulo ndi chitsulo.' Ndiye ine ndi ndani kuti nditsutse wapampando?"

Sajeni analemba mawu amenewo m'kabuku kake, nawadula mzere kunsi.

Pamalo omangapo anabwereka tchizulo ndi hamala. Nadia anakwera pa mgolo, nasema kampata kopyapyala pansi pa bimu, pakati penipeni pomwe wakuba akanachotsa. Fumbi linamugwera m'maso koma sanaleke. Chitsulo choyamba chinaoneka, kenako chachiwiri, chachitatu, chachinayi, zonenepa, zotalikirana bwino, zomangidwa ndi mfundo ya waya imene iye ankaidziwa kuyambira ubwana. Anatsika pa mgolo misozi ikusakanikirana ndi fumbi, ndipo sanavutike kuibisa.

"Zonse zilimo," anatero.

"Ndaona," anayankha Sajeni. "Koma khumi anga aja sanapezeke."

Apo n'kuti mayi wina ataima pakhomo, ndowa ili m'manja. Anali Asiatu, mtsogoleri wa amayi amene ankatunga madzi kunyanja kudzathirira konkire. Anali mayi wa pakamwa, woti ukamufunsa njira amakuuza ndi mbiri ya eni njirayo.

"Mukugumula chiyani, ana inu? Ife tinathyoka makosi kuthirira chinthu chimenechi, milungu itatu, m'mawa ndi masana! Ndipo m'kati muno munali mitengo ngati nkhalango. Ndowa yanga yatsopano inasweka pa mtengo umodzi, mpaka lero palibe anandipepesa. Bola masiku atatu aja tinapuma, tinkangodutsa myaa, mpaka pa makwerero."

Nadia anatembenuka. "Masiku atatu ati, amayi?"

"Aja anachotsa mitengo pakati apa."

"Mitengo yochirikiza bimu? Anachotsa liti?"

"Konkire anathira Lolemba. Lachisanu Che Sumani anapita ku Chowe, kumaliro a mng'ono wawo. Lamulungu tikubwera m'mawa, mitengo ya pakatiyi palibe. Lachitatu tikubwera, yabwerera, ili njo ngati sinachoke. Ife tinkati ndi mmene amachitira amisiri. Tifunse ndani? Ife ndi a madzi."

Mitengo imeneyo inayenera kukhala masiku 21 osakhudzidwa. Nadia anawerenga pa zala. Inachoka konkire ali ndi masiku asanu ndi limodzi.

"Anachotsa ndani?" anafunsa Sajeni.

"Aaa, bambo, ine ndinaona kusowa kwake, sindinaone manja."

Mitengoyo, ya bulugamu, inali itaunjikidwa kuseri kwa nyumba. Nadia anaitembenuza umodziumodzi. Yambiri inali ndi simenti kumutu basi. Koma khumi ndi iwiri inali ndi dothi lamchenga kunsi, ngati inakumbiridwapo, ndi mikwingwirima ya chingwe m'chiuno. Anapala umodzi ndi chikhadabo. Tinthu tonyezimira tinamatirira pa chala chake. Ananunkhiza, napatsa Sajeni.

Sajeni anakwinya mphuno. "Usipa."

* * *

Anakawapeza Che Dinala pa gombe masana, dzuwa likuswa mtengo, akuyang'anira anyamata awo osoka ukonde wa chilimira. Kumbuyo kwawo kunali mathandala oyanikapo nsomba, mizere isanu. Anali munthu wa ndevu zosamalidwa ndi mawu aulemu, ndipo anawalandira ngati alendo a ukwati.

"A Sajeni, takulandirani. Mwana wathu injiniya, Masha Allah. Mlandu ukuyenda?"

"Ukuyenda, Che Dinala," anatero Sajeni. "Ndangobwera kudzafunsa za nsomba. Miyezi iwiri yapitayo, sabata imene Che Sumani anali ku Chowe, usipa unagwa bwanji?"

Nkhope ya Che Dinala inawala asanaganize. "Aaa, sabata imeneyo! Mwezi unali mu mdima, usipa unabwera ngati mchenga. Chibadwire sindinaone. Maboti ankabwera akumira. Anthu anayanika pa mathandala, pa madenga, ena mpaka pa msewu."

"Inu munayanika pati?"

"Ine ndinawonjezera mathandala awiri."

"Mitengo munaipeza kuti? Ndamva kuti sabata imeneyo pa Nkope panalibe ngakhale mtengo wopachikapo malaya."

Anyamata osoka ukonde anaweramitsa mitu, singano zikuyenda mofulumira kuposa kale. Sajeni anatulutsa m'thumba kapepala momwe anakulungamo mamba a usipa aja, nakafunyulula pang'onopang'ono ngati mankhwala.

"Inali masiku atatu okha," anatero Che Dinala, mawu atatsika. "Nsomba zikanaola. Konkire ndinamugogoda ndi mwala, anali gwa. Ndinati mitengo ya madrasa ndi ya tonse, ndibwereka, ndibweza. Ndipo ndinabweza, a Sajeni, wina uliwonse pamalo pake."

"Kuuma kunja si kukhwima, Che Dinala," anatero Nadia. Ankalankhula mwaulemu. "Konkire wa masiku asanu ndi limodzi ali ngati khanda, mukamukhazika msanga msana umapindika. Bimu ija inasenza silabu yonse yam'mwamba isanakonzeke. Inang'aluka msanga, inagwada, ndipo mitengo yanu pobwerera inangochirikiza chinthu chogwada kale."

"Ine sindinadziwe zimenezo."

"Pochotsa simunadziwe," anatero Sajeni. "Nanga khoma litang'aluka? Nanga pomuuza wa kabaza kuti chitsulo ndi chitsulo?"

Che Dinala anakhala pansi pa mphepete mwa bwato. "Khoma litang'aluka sindinagone. Kenako linabwera pepala la mwanayu, likuti mwina zitsulo n'zochepa. Ndinati Mulungu wandipatsa khomo." Anapukuta nkhope ndi kofia. "Sanali Mulungu."

Mawu amenewo anamulasa Nadia kuposa Che Dinala. Khomo lothawira munthuyo analitsegula ndi iye.

* * *

Atabwerera ku polisi, Sajeni anayala pepala loyera pa tebulo.

"A injiniya, ndikuuzeni monga mkulu wanu. Mitengo ija ndi mawu a Che Dinala zikukwana kutulutsa nkhalambayi. Za kabokosi kanu ka m'kompyuta palibe akudziwa, ndi inu ndi ine basi, ndipo ine sindinamve bwino. Mukazilemba apa, zilowa mu fayilo. Abwana anu adzaziona, komiti idzaziona. Ndinu wamng'ono pa ntchito."

Nadia anamuyang'ana bamboyo, nathokoza mumtima, pakuti anadziwa kuti akunena mwachifundo. Koma anali atawerengera kale. Pa mamilimita 23 amene anapitirira pa nambala yake yoyamba, a Che Dinala anali khumi. Otsalawo anali ake. Akanangotchula mitengo yokha, anthu a ku Nkope akanati mitengo yatenga gawo lake, nanga kwinako? Ndipo kwinako kukanatsala pamutu pa Che Sumani mpaka kumanda. Mmisiri amene anthu amunong'oneza kuti amadya zitsulo, ngakhale khola la nkhuku samupatsa.

Analemba. Anayamba ndi kulakwa kwake, kuti powerengera anaitenga bimu ngati yosang'aluka, motero nambala 9 inali yabodza kuyambira pachiyambi. Analemba kuti mmisiri wamkulu anamulangiza kukweza mashatala pakati ndipo iye anakana. Kenako analemba za mitengo, za zitsulo zinayi zimene anaziona ndi maso ake, ndi kuti bimuyo siigwa koma adzaiwonjezera mzati pakati asanalowemo ana. Anasaina dzina lake lonse.

Sajeni anawerenga kawiri, napukusa mutu, natenga makiyi.

Che Sumani anatuluka akuphethira ndi kuwala. Nadia anagwada pa simenti pomwepo, pamaso pa apolisi ndi anthu odikira pa benchi.

"Che Sumani, ndinakulakwirani. Munandiphunzitsa ntchito, ine n'kukubwezerani chitolokosi."

"Dzuka, dzuka, ukudetsa nsalu." Anamugwira pa mkono. Sajeni anawafotokozera mwachidule zomwe zinali pa pepala lija, ndipo nkhalambayo inamvetsera mutu uli pansi. "Alhamdulillah. Mwanangu, ndagwira ntchito ndi mainjiniya ambiri. Chinthu chikapindika, wolakwa amakhala wa fosholo nthawi zonse. Sindinaonepo mmodzi akulemba dzina lake pansi pa kulakwa. Sikomo kwejinji."

"Wothokoza ndine. Mukanapanda kundifunsa funso lija, ndikanapitiriza kujambula mabimu onama mpaka ina ikanapha anthu."

"Ndiye tathokozana, zatha." Anatembenukira kwa Sajeni. "Bwana, pepalalo mungandipatseko lina? Nanga za Che Dinala, ine mlandu sindikuufuna. Akanene okha ku msikiti Lachisanu, anthu onse akumva."

"Za Che Dinala tikambirana Lolemba, bambo. Kunamiza apolisi ndi nkhani yanga, si yanu." Koma pepala anawajambulira.

Che Sumani analipinda bwinobwino, nalipereka kwa Nadia. "Ine Chingerezi sindiwerenga. Tipite kwathu, ukawawerengere amayi ako, mkazi wanga. Mwana wa mlongo wanga anandiuza dzulo kuti chinditengereni sanatuluke m'nyumba. Madzi akuwatungira ndi anthu, kumsika sakupita. Akuti sangathe kuyenda pa msewu ngati mkazi wa mbala."

Anafika ku Nkope cha m'ma 4 koloko. Chitseko chinali chotseka, mawindo otchinga ndi nsalu. Che Esime, mkazi wa Che Sumani, anali atakhala pa mkeka m'kati, ndipo ataona mwamuna wawo sanadzuke, anangophimba nkhope ndi mpango. Nadia anakhala pansi pafupi nawo, nawerenga pepala lonse, akumasulira m'Chiyao mzere ndi mzere. Pofika pa kulakwa kwake sanafulumire, sanatsitsenso mawu.

Atamaliza, Che Esime anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Zinayi zonse?"

"Zonse, amayi. Ndinazigwira ndi dzanja langa."

Mayiyo anapukuta maso. Anadzuka, namanga chitenje chatsopano, natenga dengu lawo la kumsika.

"Mukupita kuti dzuwa lapita kale chonchi?" anafunsa Che Sumani. "Kuseri kuno kuli tomato, kwa Che Naima."

"Sindikufuna wa kuseri," anayankha Che Esime, akutsegula chitseko mpaka kumapeto. "Ndikagula pa siteji. Ndidzera msewu waukulu."